Mtengo Wagwa ku Dikirani

Mukadzamva munthu akunena kuti m'dziko la Tionamawa mulibe chilungamo, mudzamutsutse. Chilipo ndithu. Kungoti chimaima kumanzere kwa mfumu, ndipo khutu lakumanzere la mfumu ya dzikolo linafa kalekale.

Linafa tsiku lomwe ankailonga ufumu. Msilikali wina wachangu chopitirira muyeso anawombera mfuti yaulemu pafupi kwambiri ndi mutu wa mwini dziko, khutulo n'kutsekeka osatsekukanso. Chiyambire pamenepo anthu anaitcha Mfumu Khutulimodzi, poyamba monong'ona, kenaka poyera, mpaka nayonso inayamba kuvomera dzinalo poganiza kuti n'loitamanda. Sikuti inali mfumu yankhanza ayi. Ana inkawakonda, makamaka pojambulitsa. Vuto linali lakuti nkhani zonse za m'dziko zinkalowa m'mutu mwake podzera khomo limodzi, ndipo pakhomopo panali mlonda.

Mlondayo anali Olemekezeka a Nyambitani, Nduna ya Maphunziro, Ana ndi Zina Zonse Zokhala ndi Bajeti. Mpando wawo unali kumanja kwa mfumu, pafupi kwambiri moti akamalankhula ndevu zawo zinkaigirigisha khutu. Mwambo wa pabwalo unkati munthu wamba wobwera ndi dandaulo aziima kumanzere, alankhule, kenaka nduna itanthauzire. Abale inu, kutanthauzira kwake! Munthu ankalowa akulira njala, n'kutuluka atathokozedwa chifukwa chosala kudya popempherera ufumu.

Kutali ndi likulu la Chidyerano, uko kumene msewu wa tala umathera mwadzidzidzi ngati wachita manyazi, kuli msika wa Dikirani. Kuseri kwa msikawo kunali sukulu. Ndati sukulu? Pepani, pakamwa pathamanga. Kunali mkuyu. Mkuyu waukulu wakalekale, bolodi lotsamira tsinde lake, ana okhala pamiyala, ndi aphunzitsi a Kanyumbu, amene jekete lawo linasintha mtundu ndi ndowe za mbalame.

Chaka china a Nyambitani anafika kumeneko ndi mdipiti wa magalimoto. Anaima pa chulu n'kuuza makolo kuti, "Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Inu umbani njerwa, ife tibweretsa simenti ndi malata." Makolo anaponda dothi, anaumba, anawotcha. Uvuni wa njerwa unaima pamenepo kudikira malata. Unamera udzu, kenaka unamera papaya, papayayo anabereka, ana anadya. A Zuze, mkulu wogulitsa makala pamsikapo, ankati chimenecho ndicho chakudya chokha cha pasukulu chimene boma linaperekapo ku Dikirani.

Mmodzi mwa amene anaumba njerwazo anali Namilanzi, mayi wogulitsa tomato ndi anyezi, wa mawu omveka kuchokera kumapeto a msika mpaka pa siteji ya basi. Ankaponda dothilo ali ndi pakati. Mwana amene anali m'mimbayo anabadwa, anam'tcha Ndaziona, anakwawa, anayenda, anamera mano n'kuguluka, anafika Sitandade 4, malata ali m'njira.

Ndaziona anali ndi dzanja labwino. Akalemba, zilembo zinkaima mowongoka ngati zadindidwa ndi makina. Ndiye ankalembera mayi ake mitengo ya tomato pa zidutswa za makatoni, ndipo anthu ankaima kuwerenga ngakhale osafuna kugula. Kusukulu a Kanyumbu, amene phewa linkawavuta, ankam'patsa choko kuti azilemba pabolodi m'malo mwawo. Namilanzi ankakonda kuligwira dzanja limenelo, kulitembenuza uku ndi uku, n'kumati, "Dzanja ili ndilo lidzandichotse pa dzuwa la pamsika pano." Sankanena moseka.

Tsiku lina a Kanyumbu anam'kodola Namilanzi akudutsa ndi dengu lake. Anapita naye pa tsinde la mkuyu, n'kugogoda ndi chibakera. Mtengowo unalira ngati ng'oma.

"Mwamva, mayi a Ndaziona?"

"Ndamva. N'chiyani chimenechi, aphunzitsi?"

"M'kati mulibe kanthu. Chiswe chamaliza, changotisiyira khungwa. Dzana nthambi inagwa pakati pa ana, Mulungu yekha ndiye anaiwongolera. Mphepo ya mvula yoyamba ikadzabwera, kaya."

Namilanzi anayang'ana pamene panatsamira bolodi. Ndi pomwepo pamene mwana wake ankaima tsiku lonse, pansi penipeni pa nthambi zikuluzikulu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: anasiyira tomato mnzake, anakwera basi ya ku Chidyerano, nakaima pamzere wa Tsiku la Madandaulo.

Nthawi yake itakwana, asilikali anamuimika kumanzere monga mwa mwambo. Anagwada, anawomba m'manja, n'kuyamba.

"Mwini dziko, ine ndine Namilanzi wa ku Dikirani. Njerwa tinaumba, malata sanabwere." Ataona kuti mfumu ikungomwetulira osamva kanthu, anatulutsa mawu ake oitanira makasitomala. "Ana athu akuphunzira pansi pa mtengo!"

Mawuwo anazungulira mutu wa mfumu n'kukalowa ku khutu lamoyo. Mfumu inadzidzimuka.

"Iii, ndamva ndekha lero! Pansi pa mtengo? A Nyambitani, mayiyu akuti chiyani?"

A Nyambitani anakonza kukhosi. Nkhope yawo sinasinthe n'komwe, pajatu ntchito imeneyi anaiyamba kale.

"Mwamva bwino, mwini dziko. Mayiyu ndi wamalonda, akulankhula chinenero cha pamsika. Mukukumbukira kuti mu bajeti tinaika mtengo wa maphunziro a mwana aliyense? Ndiye ku Dikirani, chifukwa cha nzeru zanu, ana akuphunzira pansi pa mtengo umenewo. Motchipa, mwini dziko! Wabwera kudzathokoza."

"Ayi, bwana!" anakuwa Namilanzi. "Ndikunena mtengo wamasamba!"

"Akuti ngakhale mtengo wa masamba watsika pamsika. Chisoso, bonongwe, zonse."

Mfumu inawomba m'manja, bwalo lonse linawomba nayo. Inalamula kuti mayi wodziwa kuyamikayu am'patse chitenje cha ufumu, chija chokhala ndi nkhope ya mfumu pakati. Namilanzi anatsegula pakamwa kuti ayambirenso, koma ng'oma zinali zitayamba kale, ndipo msilikali anam'tulutsa mwaulemu atam'gwira pachigongono.

Sabata isanathe, lamulo linalengezedwa pa wailesi ya ufumu. "Tamverani, tamverani! Potengera chitsanzo chonyaditsa cha ku Dikirani, kuyambira lero mwana aliyense wa m'dziko la Tionamawa aziphunzira pansi pa mtengo. Mphunzitsi wochita zosiyana ndi izi adzafotokoza bwino."

Aphunzitsi aakulu m'dziko lonse anagwira mitu. Mtengo uti? Wofunsa analipo? Ntchito inkasowa ku Tionamawa. Poopa kulakwa anachita zonse ziwiri: anachepetsa choko, n'kutulutsanso ana m'makalasi. Masukulu amene anali ndi madenga anakhala opanda anthu, ndipo posakhalitsa munadzaza matumba a chimanga a mlamu wawo wa a Nyambitani, amene ankati akuthandiza kuti nyumba za boma zisagwe ndi kusungulumwa. Ndalama zopulumutsidwazo sizinagone. Zinabala Dipatimenti Yoyang'anira Mthunzi, yokhala ndi mabwana, achiwiri kwa mabwana, ndi magalimoto a magalasi akuda oti dzuwa lisawapse poyendera mithunzi.

Ku Dikirani anafika ndi chikwangwani cholembedwa kuti CHIPINDA CHOPHUNZIRIRAMO CHAMAKONO, MPHATSO YA MFUMU. Pokhomera pamkuyu, msomali unalowa wonse ndi kumenya kumodzi. Bwana wa Mthunzi anayamikira kuti mtengowu ndi womvera, suvutitsa boma.

Pamsika anthu sanamusiye Namilanzi kupuma.

"Tasunthani, akudutsa mayi wa fuko!" anatero a Zuze, akuvula chipewa chawo chakuda ndi makala. "Achemwali, mwachita bwino. Kale tinkavutika tokha, tsopano mwagawirako dziko lonse. Chitukuko chimenecho."

"Musandiyambe, a Zuze. Mutu ukundiwawa."

"Ine ndingopempha chimodzi. Ulendo wina mukapita, musakanene kuti tikufa ndi ludzu. Angadzatseke ndi chitsime chomwe, kuti tife mwadongosolo."

Amayi a pa mabenchi a usipa anaseka mpaka kugwirana. Namilanzi sanaseke nawo. Kumwamba kunali kutayamba kusonkhana mitambo masana aliwonse, ndipo mphepo ikawomba iye ankasiya kasitomala ali chiimire n'kutembenukira kumene kunali mkuyu.

A Kanyumbu anayesa nzeru zawo. Anasamutsira ana mu shedi ya msika, pakati pa ogulitsa nyemba ndi osoka nsapato. Zinayenda masiku ochepa chabe. Galimoto ya magalasi akuda inaima, bwana wa Mthunzi n'kutsitsa galasi pang'ono.

"Aphunzitsi, ichi n'chiyani pamwamba panupa?"

"Ndi denga, bwana."

"Lamulo likuti denga?"

"Mtengo uja ndi wobooka, bwana. Ugwa."

"Chipinda chamakono chimene mfumu inapereka, inu mukuti chigwa? Mukufuna ndikanene choncho kulikulu, ndi dzina lanu?"

A Kanyumbu anali ndi ana awoawo odyetsa. M'mawa mwake bolodi linabwerera pa tsinde la mkuyu.

Namilanzi anauza Ndaziona kuti ayambe wakhala kaye pakhomo mpaka mvula yoyamba idutse. Mwanayo analira tsiku lonse. Mayeso anali pafupi, ndipo ndani akanalembera anzake pabolodi? Mayiyo anagonja, koma anamanga chitenje cha nkhope ya mfumu m'chiuno n'kukweranso basi. Asilikali a pachipata ataona chitenjecho anam'lowetsa osaima pamzere.

Ulendo uno sanataye nthawi ndi malonje. Anakoka mpweya n'kukuwa kamodzi.

"Mwini dziko! Chiswe chikudya mtengo! M'kati monse chamaliza, kwangotsala khungwa!"

Mfumu inali itamvanso yokha.

"Akudya mtengo wa maphunziro? M'dziko langa? Ndani ameneyo?"

Ha! Mukanaona nduna za ku Tionamawa tsiku limenelo. Aliyense anapeza chinthu chochititsa chidwi pa nsapato zake. Nduna ya Misewu inakokera mimba m'kati mpaka maso kutuluka. Nduna ya Zaumoyo inayamba kutsokomola. A Nyambitani thukuta linawatsika m'khosi, ndipo kwa kanthawi anthu anaganiza kuti lero lokha nkhwangwa yagwera pa mwala. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka.

"Mwini dziko," anatero a Nyambitani, mawu akunjenjemera ndi mkwiyo wochita kubwereka, "nkhaniyi ndi yaikulu. Ndalama za ana! Mwamwayi mayi wolimba mtimayu watchula dzina. Chiswe. Ine sindigona mpaka Chiswe ameneyu atapezeka. Ndikupempha komiti."

Komiti Yofufuza Chiswe inakhazikitsidwa pomwepo, wapampando wake a Nyambitani. Inakakhala ku hotela ya Mpumulo, pamwamba pa phiri, kumene kulibe phokoso losokoneza maganizo. Inafufuza m'mawa, inapuma pa tiyi, inafufuza masana, inapuma pa nkhomaliro. Inagwira mesenjala wina dzina lake Chiswamphika chifukwa dzinalo linayandikira, koma inam'masula itaona nthiti zake, poti munthu wodya sakhala choncho. Pomaliza inabwerera kubwalo, mabatani a malaya akulira, n'kulengeza zimene inapeza.

"Tafufuza m'maofesi onse a boma. Mulibe munthu dzina lake Chiswe. Popeza Chiswe kulibe, palibe akudya. Popeza palibe akudya, mtengo uli bwinobwino."

Mfumu inapuma mpweya wa mpumulo n'kuthokoza komiti chifukwa cha kudzipereka. A Zuze atamva pa wailesi anati iwo akudziwa kumene Chiswe akukhala, koma sangaulule chifukwa ndi yekhayo wogwira ntchito pasukulupo amene sanajombepo.

Mphepo inabwera m'mawa wina, dzuwa litakwera pang'ono. Inayamba ndi kuulutsa mapepala a shuga pamsika, kenaka inagwetsa mulu wa mabeseni. Namilanzi anali akuwerengera mayi wina tomato pamene anamva kulira kwa mtengo, kulira kotalika ngati chitseko chakale, kenaka chiphokoso chimene chinagwedeza nthaka. Tomato anamwazika. Anathamanga opanda nsapato.

Ana anali atabalalika, ena akulira, ena ataima kakasi. A Kanyumbu, magazi akutsika pachipumi, ankawerenga mitu mobwerezabwereza. Onse anathawa atamva kulira koyamba, kupatula mmodzi amene anali atafulatira, akumalizitsa chiganizo pabolodi. Ndaziona anali moyo. Anagona chammbali pansi pa masamba, maso ali tong'o, osalira. Nthambi yaikulu inali itam'panikiza dzanja lamanja pamwala.

Anthu a pamsika ananyamula nthambiyo ndi mipini ndi mapewa. A Zuze anam'kweza mwanayo pa njinga yawo ya makala. Ku chipatala chaching'ono cha Dikirani namwino anatsegula kabati, n'kuwaonetsa kuti aone okha: munalibe bandeji, munalibe thonje. Namilanzi anamasula chitenje cha m'chiuno, chija cha nkhope ya mfumu, anachiluma ndi mano, n'kuching'amba kuti amangire dzanja la mwanayo. Atafika ku chipatala chachikulu, dokotala anapulumutsa dzanjalo, koma chala chachikulu ndi chamkombaphala anazidula. Ndi zala zimene munthu amagwirira pensulo.

Namilanzi sanalire kuchipatala. Analira ali pakhomo, atapeza kachidutswa ka katoni kolembedwa mtengo wa anyezi, zilembo zake zili chiimire mowongoka. Analira mokweza, mosabisa, mpaka anansi anabwera kudzakhala naye.

Uthenga unafika ku Chidyerano bwalo lili m'kati. Bwana wa Mthunzi analowa akuthamanga, ndipo chifukwa cha mantha anaiwala kunong'ona.

"Olemekezeka! Mtengo wagwa ku Dikirani!"

Mfumu inaimirira. "Wagwa? A Nyambitani, wagwanso?"

A Nyambitani ankadziwa bwino lomwe mtengo umene wagwa, koma munthu ukakwera njinga ya bodza suima pamtsetse.

"Wagweratu, mwini dziko. Mpaka pansi. Maphunziro sanatchipepo chonchi chiyambire dziko lino."

"Imbani ng'oma! Ndipo ulendo uno ndikufuna ndikaone ndi maso anga. Anthu a ku Dikirani ndikawagwire chanza."

"Mwini dziko, msewu wa kumeneko ndi woipa kwambiri."

"Woipa bwanji?" inalumpha Nduna ya Misewu, imene inali itauza mfumu chaka chatha kuti msewuwo unatha kukonzedwa. "Ndi wosalala ngati galasi!"

Nduna ziwirizo zinayang'anana. Panalibe amene akanabweza mawu ake, choncho ulendo unapsa.

Oyang'anira Mthunzi anatsogola kukakonza malo. Anadula nthambi, anasesa masamba, anathira mchenga pamwala pamene panali magazi. Thunthu lokha linawakanika kusuntha, ndiye analipaka laimu. Tsiku la mwambo anakhazika ana pathunthupo mondandalika, n'kuwaphunzitsa nyimbo yothokoza.

Mfumu inafika itachita fumbi mpaka m'nsidze, ikudabwa kuti galasi la ku Tionamawa lili ndi maenje chotere. Inakhala pa mpando wake, a Nyambitani kumanja monga mwa nthawi zonse, khamu lonse la pamsika kumanzere.

"Kodi anawa akhala pa chiyani?" inafunsa mfumu.

"Benchi lamakono, mwini dziko. Limodzi lokwanira kalasi yonse. Lopanda misomali yong'amba mayunifolomu."

"Zanzeru! Nanga denga?"

"Tachotsa, kuti kuwala kwa maphunziro kuziwafika mwachindunji."

A Zuze ananong'oneza munthu amene anaima naye kuti mvula nayonso idzawafika mwachindunji. Kuseka kunayenda m'khamumo chamunsimunsi.

Ana anaimba nyimbo yawo. Mfumu inagwedeza mutu mokondwa, kenaka inakweza dzanja kuti kukhale bata.

"Anthu anga a ku Dikirani, ndamva kuti kuno mtengo wagwa. Ndabwera kuti ndimve kwa inu eni ake. Tandiuzani, mwana mmodzi kuti aphunzire kuno, mtengo wake ndi wotani tsopano?"

A Nyambitani anaweramira ku khutu kuti ayankhe. Koma m'khamu muja munatuluka munthu. Namilanzi anayenda atagwira mwana wake paphewa, anadutsa malo oimapo anthu wamba, anadutsa kutsogolo kwa mpando wa mfumu, n'kuzungulira kumanja. Asilikali anazengereza, poti mwanayo anali atakulunga dzanja m'nsalu ya ufumu, ndipo palibe msilikali amene anaphunzitsidwa kukankha nkhope ya mfumu. Namilanzi anaima pakati pa nduna ndi khutu, malo amene munthu wamba anali asanaimepo.

"Mayi, mwambo!" anatero a Nyambitani.

"Pepani, bwana, tasunthani pang'ono. Afunsa mtengo. Ine ndine wamalonda, kasitomala akafunsa mtengo sinditumiza munthu wina."

Sanakuwe ulendo uno. Analankhula motsitsa, pafupi ndi khutu lamoyo.

"Mwini dziko, ndine uja munandipatsa chitenje. Ndinabwera kawiri. Ndinati ana akuphunzira pansi pa mtengo, ndi uwo akhalirawo. Ndinati chiswe chikuudya, pitani mukasuzumire m'kati, mukachipeza chikadalipo, sichinathawe. Lero mwafunsa mtengo wa maphunziro a mwana mmodzi."

Anagwada, n'kuyamba kumasula nsalu ija pang'onopang'ono kuti asam'pweteke mwanayo. Nsaluyo inali itauma ndi magazi. Nkhope ya mfumu inali pomwepo, ikumwetulira, theka lake lili lakuda. Atamaliza anakweza dzanja la Ndaziona m'mwamba, monga amakwezera mulu wa tomato kuti wogula aone bwino.

"Mtengo wake ndi uwu. Talipira kale, ndipo sanatichotsereko."

Khutu la mfumu linali limodzi, koma maso anali awiri, ndipo onse ankaona. Inayang'ana dzanjalo, inayang'ana thunthu lopakidwa laimu, inayang'ana uvuni wa njerwa ndi papaya wake. Kunena zoona, anthu ena m'khamumo anayamba kukhulupirira kuti lero zinthu zisintha.

"A Nyambitani," inatero mfumu ndi mawu aang'ono, "tanthauzirani."

A Nyambitani anatsegula pakamwa. Anatseka. Anatsegulanso. Munthu amene anasandutsa njala kukhala pemphero anasowa chonena pamaso pa zala ziwiri zimene panalibe.

Mfumu inadikira. Itaona kuti tanthauzo silikubwera, ndi kuti likapanda kubwera iyenera kumva yokha zimene yaona, inachita chinthu chimene inali isanachitepo pamaso pa anthu. Inatembenuza mpando wake pang'onopang'ono, mpaka Namilanzi anapezeka ali kumanzere.

"Imbani ng'oma," inatero.

Ng'oma zinalira. Magalimoto ananyamuka fumbi lili koboo, osadikira ndi mphatso ya mbuzi imene Oyang'anira Mthunzi anakakamiza anthu kusonkha.

M'mawa mwake a Kanyumbu anaimika bolodi ndi miyala. Ana anakhala pathunthu paja, dzuwa likuwawotcha m'mitu. Ndaziona anakhala kumapeto, kope pamwendo, pensulo ku dzanja lamanzere. Zilembo zinkatuluka zopindika, zina zogona, zina zoyang'ana kumbuyo. Ankafufuta ndi malovu n'kuyambiranso, osayang'ana munthu.

Namilanzi anali pamalo pake pamsika, tomato ali m'milu yopanda makatoni a mitengo. Wailesi ya a Zuze, yomangidwa ndi mphira, inayamba nkhani za m'mawa. Anali mawu a a Nyambitani, atabwereranso mphamvu.

"Potsatira ulendo wopambana wa mfumu, unduna wanga ndi wonyadira kulengeza kuti kuyambira lero, ku Dikirani kulibenso mwana ngakhale mmodzi amene akuphunzira pansi pa mtengo."

A Zuze anatsegula pakamwa kuti aponye kamodzi mwa timawu tawo. Anayang'ana kusukulu, kumene kunalibenso mthunzi, anayang'ana Namilanzi, n'kuzimitsa wailesi.

"Achemwali," anatero, "lero lokha anena zoona."